Tsiku Loyesa Kakyuleta

Pa koleji yonse ya aphunzitsi panalibe wophunzira yemwe sankawaopa Mayi Chifukwa. Dzinalo anawapatsa ndi ophunzira omwewo. Ukawayankha samu, ngakhale utakhoza chotani, sankakuombera m'manja, ankangotsitsa magalasi n'kukufunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Ambiri ankazindikirira pomwepo kuti masamu omwe anakhoza nawo ku sekondale anangowaloweza ngati nyimbo. Mayiwo dzinalo ankalidziwa, ndipo chamumtima ankalikonda. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu akuluakulu momwe angaphunzitsire ana aang'ono masamu, ndipo aliyense woganiza kuti imeneyi ndi ntchito yopepuka ayambe wayesa kufotokozera mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuti ziro n'chiyani.

Chaka chimenecho anali ndi mnyamata wina yemwe anzake ankamutcha Kakyuleta. Mutu wake unali wakuthwa moopsa. Ukamutchulira manambala awiri ataliatali kuti awachulukitse, ankayankha iwe usanatseke pakamwa. Anabwera ku koleji akuyenda mwamatama, poganiza kuti masamu a ku pulayimale ndi masewera. Koma itakwana nthawi yokayeserera kuphunzitsa pa sukulu yeniyeni, woyamba kulephera m'kalasi mwake monse anali iyeyo.

Mayi Chifukwa anaona kulepherako ndi maso awo, atakhala kumbuyo kwa kalasi. Mnyamatayo anangotembenukira ku bolodi n'kuyamba liwiro, kufunsa yekha, kuyankha yekha, mpaka kudziyamikira yekha. Ana ankangoona msana wake. Akafunsa kuti, "Mwamva?" kalasi yonse inkayankha mokoka mawu, "Taamva, aphunzitsi!" Atawapatsa ntchito yolemba, okhoza sanakwane n'komwe zala za dzanja limodzi.

Lamulo la koleji linali losakuluwika. Wolephera ankapatsidwa mwayi wina umodzi wokha, pamaso pa woyesa wochokera ku koleji ina, ndipo akalepheranso ankalongedza katundu wake. Pa msonkhano wa aphunzitsi ena anati n'kutaya nthawi, mnyamatayo angokasaka ntchito ya mu ofesi komwe manambala safunsa mafunso. Mayi Chifukwa anapsa mtima. Anaimirira n'kunena kuti mnyamatayu ndi wawo, amusula okha, ndipo akalephera anthu adzaseke iwowo.

Anamuitanira mu ofesi mwawo, kachipinda kothinana ndi makatoni a zitsekerero za mabotolo, mawotchi a mapepala ndi matchati opindapinda a ophunzira akale. Pa kabolodi ka pakhoma anajambula zizindikiro zisanu zopeka okha: kadiso, kambedza, kamphanda, kamakwerero ndi kanyumba.

"Awa ndi manambala a m'dziko langa," anatero. "Kuno timamanga mtolo tikafika pa zisanu, osati pa khumi." Anatchula tanthauzo la chizindikiro chilichonse mothamanga, kamodzi kokha, n'kufufuta. "Tsopano kamphanda ndi kambedza, uchotsepo kanyumba. Yankha."

Kakyuleta anangoyang'ana kabolodi kofufutidwa kaja.

"Aa, zophweka ngati izi? Mwana wa m'dziko langa amayankha ali m'tulo! Taona, timatere, timatere, kenako timatere. Yankho ndi ili. Wamva?"

"Ndamva, madamu."

Mayiwo anaika choko pansi. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, mpaka mnyamatayo anadzimva yekha. Anali atayankha ndendende ngati ana aja. Anali atanama monga momwe iwo anamunamizira, ndiponso pa chifukwa chimodzimodzi, kuopa kuoneka mbuli. Makutu anamutentha, ndipo anagwetsa nkhope.

"Sunamve kanthu," anatero mayiwo, mawu atafewa. "Ndipo si mlandu wako, ndi wanga. Koka mpandowo tiyambirenso. Ulendo uno tigwiritsa ntchito timitengo."

Kuyambira pamenepo anamuika pamoto. Ankamuimika patsogolo pa anzake, manja ali kumbuyo, choko atamulanda, anzakewo atasanduka ana a kalasi yachitatu. Ndipo anzakewo, omwe anali atatopa kale ndi matama ake, ankasewera uana wawo mopitiriza muyeso. Wina ankalira kuti mnzake wamubera pensulo, wina ankayankha "seveni" pa funso lililonse. Kakyuleta ankatuluka thukuta lili kamukamu, koma mawa lake ankabweranso.

M'mawa wa tsiku loyesa, amuna awo a Mayi Chifukwa anawapeza akusita diresi lomwe anali atalisita kale dzulo lake.

"Kodi akuyesedwa lero ndani, inuyo kapena mwana wanu uja?"

"Musandiyambe dala, bambo. Tiyi wanu akuzizira."

"Ana athu enieni simunawasitirepo kawiri pa mayeso awo."

"Ana athu anatengera mutu wanu. Kumeneko kusita sikukanathandiza."

Bambowo anaseka mpaka kutsamwa, koma mkazi wawo potuluka anaiwala chikwama, ndipo anachita kuwathamangira nacho mpaka pa msewu.

Sukuluyo inali kuseri kwa malo ocheka matabwa, moti phokoso la makina linkalowa m'makalasi ngati nalonso linalembetsa. Woyesa anali atafika kale, bambo wamtali, wowonda, wa tayi yothina. Moni wawo unali waufupi.

"Ine, mayi, ndimayesa zomwe zalembedwa mu pulani ya phunziro. Munthu akalemba kuti afika kutsidya, afike kutsidya belu lisanalire."

Pakhomo la kalasi yachitatu, mayi eni kalasiyo, omwe ankaphunzitsa anawo masiku onse, anakokera Mayi Chifukwa pambali n'kuwatsina khutu. Anali mayi wonenepa bwino, wankhope yachifundo.

"Musade nkhawa, anzanga. Mnyamatayu ndi waulemu, sindingalole kuti agwe ndikuona. Dzulo atabwerera kwanu ku koleji, ndinapeza pulani yake pa tebulo. Ndawakonzeratu anawa. Masamu anayi onse akuwadziwa ngati mayina awo."

Mayi Chifukwa mutu unaima. Khalidweli ndi lakale ngati sukulu zomwe: mlendo akamabwera, kalasi imaphikidwa dzulo lake, ndipo ophikawo amachita zimenezi ndi mtima wabwino zedi. Kumuchenjeza mnyamatayo kunali kosatheka, chifukwa woyesa akalowa m'kalasi mphunzitsi wa ku koleji amasanduka chifaniziro, saloledwa ngakhale kutsokomola mwatanthauzo. Ndipo tinene zoona, kambali kena ka mtima wawo kanasangalala. Ana akayankha bwino, pulani n'kutha pa nthawi yake, mnyamatayo akhoza. Anachita manyazi ndi chisangalalo chimenecho, koma sichinachoke.

Anakhala kumbuyo pa timipando ta ana, woyesa maondo ali m'mwamba. Bamboyo anavula wotchi n'kuiika pa desiki. M'kalasimo ana anali atatuatatu pa desiki iliyonse, ena pansi patsogolo. Pakona panali kabati ya chitseko chimodzi.

Kakyuleta analowa atavala jekete la malemu bambo ake, lomwe alongo ake aakulu anafupikitsa mikono. Alongo akewo ndiwo anamulera, ndipo anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kwawo kuti mlongo wawo ndi mphunzitsi. Mnyamatayo anapereka moni, nanena kuti lero aphunzira kuchotsera, ndipo analemba pa bolodi 52 − 27.

Mikono yonse inadzuka nthawi imodzi. "25!"

"Mwakhoza," anatero, modabwa pang'ono. Analemba 43 − 15.

"28!"

Woyesa anagwedeza mutu n'kuweramira pa pepala lake. Kakyuleta anayamba samu yachitatu. Anali atangolemba 70, nambala yochotsa asanailembe n'komwe, koma mikono inali kale m'mwamba, ena akulizitsa zala. Dzanja la mnyamatayo linaima pa bolodi.

Mayi Chifukwa anaona khosi lake likuuma, ndipo anadziwa kuti wazindikira. Anadziwanso samu yomwe inkachitika m'mutu wothamangawo. Kwatsala masamu awiri, ntchito yolemba, mawu otsiriza, basi wakhoza, alongo ake avine. Palibe akanamuimba mlandu, poti wophika sanali iye.

Mnyamatayo anatenga chofufutira, nafufuta 70 uja. M'malo mwake analemba 61 − 24.

Woyesa anadzutsa mutu. Anayang'ana pa bolodi, kenako mu pulani, anaitembenuza kuseri, naibwezanso. Samu imeneyo munalibe. Analemba kenakake, ndipo kalembedwe kake sikanali kosangalala.

Mikono ija inagwa umodziumodzi. M'kalasi munangoti zii, kupatula makina a matabwa. Patapita kanthawi, kamtsikana kena ka juzi yofiira, kometa mpala, kanakweza mkono molimba mtima.

"43, aphunzitsi."

"Amene akugwirizana naye akweze mkono."

Pafupifupi kalasi yonse inakweza. Pakhomo paja, mayi eni kalasi anagwira pakamwa.

Kakyuleta wakale akanakonza zimenezi m'kuphethira kwa diso. Mayi Chifukwa anaona zala zake zikuchita kunyerenyetsa pa choko. Koma anachiponya m'thumba la jekete, nati kwa mwanayo, "Tabwera kuno undionetse momwe wapezera."

Mwanayo anapita ku bolodi, naloza ndi chala. "6 kuchotsa 2 ndi 4. Ndiye apa, 1 kuchotsa 4 sizingatheke. Ndiye ndatembenuza. 4 kuchotsa 1 ndi 3."

"Waganiza ndithu iwe," anatero mnyamatayo, ndipo sanali kunyoza. "Tiye tione ngati timitengo tigwirizane nawe."

Anatsegula kabati n'kutulutsa bokosi la timitengo towerengera, tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi ndi tizingwe ta mphira. Mitoloyo inali yaudongo, yofanana bwino. Anapatsa mwanayo mitolo isanu ndi umodzi, ndi kamtengo kamodzi kapadera.

"Uli ndi tingati?"

"61."

"Chabwino. Ndipatseko 24."

Mwanayo anapereka mitolo iwiri. "20." Anapereka kamtengo kaja. "21." Kenako anaima. Anayang'ana mitolo inayi yomwe inatsala m'manja mwake, nayang'ana pansi ngati pagwa kena, nayang'ana mphunzitsi wake. Kakyuleta ananjuta kuti maso awo alingane, ndipo sananene kanthu.

Bata limenelo linatalika. Ana anayamba kusuntha pa madesiki. Wina anayasamula mokweza. Mayi Chifukwa, omwe zaka zonsezi ankalalikira kuti mphunzitsi azimupatsa mwana mpata woganiza, anapezeka atakanikiza zikhadabo m'chikhatho, mawu akuti "masula" atafika pa mmero penipeni. Kulalikira kudikira n'kosavuta ukakhala kuti wodikiridwayo sakugwira tsogolo la munthu wako.

Woyesa anagogoda galasi la wotchi ndi chala. "Nthawi ikupita, mayi," ananong'ona.

"Maso ndili nawo, bambo."

"Tatha, aphunzitsi," anatero mwana uja potsiriza.

"Tathadi? Nanga m'manja mwakomo muli chiyani?"

"Mitolo."

"Nanga mu mtolomo muli chiyani?"

Mwanayo anatembenuka n'kuyang'ana pakhomo, pomwe panali mayi eni kalasi. Kenako anayankhula motsitsa, koma poti m'kalasi munali chete, aliyense anamva.

"Salola kumasula."

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Mayi eni kalasi anamanga okha mitolo imeneyo zaka zapitazo, ndi manja awo, ndipo ankadziwa bwino kuti ana ukawalekerera, tizingwe ta mphira timasanduka malegeni, timitengo n'kumwazikira pabwalo ponse. Choncho anaika lamulo lolimba lakuti mtolo suumasulidwa. Bokosi linasungikadi bwino. Koma kwa anawo, khumi linali chinthu chimodzi cholimba ngati njerwa, ndipo njerwa sungachotsepo zitatu. Kubwereka komwe ankaimba pa bolodi kunalibe ubale uliwonse ndi zomwe zinali m'manja mwawo.

Kakyuleta anaimirira, nayang'ana pakhomo, manja atawagwirizanitsa mwaulemu.

"Mayi, mungatilole timasuleko umodzi? Ndikamaliza ndimanganso ndekha."

Mayiwo anazengereza pang'ono, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Mwanayo anakoka kachingwe ka mphira mosamala ngati kaluma. Timitengo tinamwazika pa simenti. Anagwada n'kuyamba kutola akuwerenga, ndipo atafika kumapeto anadzutsa mutu, maso ali tuzu.

"Iii! Muli khumi!"

Palibe anamuuza chochita. Anatenga titatu n'kupatsa mphunzitsi wake. "22, 23, 24." Anawerenga zotsala, mitolo itatu ndi timitengo tisanu ndi tiwiri. "37!"

"Nanga 43 uja?"

"Ananama ameneyo!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Koma mwanayo sanaseke nawo. Ankayang'ana pa bolodi, kenako pa timitengo take, makwinya ali pachipumi.

"Aphunzitsi, ndiye tikamati tabwereka, timakhala kuti tamasula mtolo?"

Yankho linali pa nsonga ya lilime la Kakyuleta, ndipo linali lalitali, lokongola. Anatembenukira kwa ena aja. "Mnzanuyu wafunsa funso. Inu mukuti bwanji?"

Zomwe zinatsatira sizinali mu pulani ya munthu aliyense. Desiki iliyonse inkafuna mitolo yake. Ana ankakangana, ena akuti ndi zomwezo, ena akuti ayi, kubwereka kumachitika pa bolodi pokha. Tizingwe ta mphira tinali thophothopho. Mayi eni kalasi anachoka pakhomo paja, nanyamula bokosi lawo lomwe analiteteza zaka zonsezi, n'kuyamba kugawa okha mitolo mzere ndi mzere, uku akuopseza kuti aliyense wopanga legeni aona zakuda. Mnyamata wa jekete ankayenda pakati pa madesiki atawerama, akumvetsera kwambiri kuposa kuyankhula.

Belu linalira. Ntchito yolemba inali isanaperekedwe, mawu otsiriza sananenedwe, ndipo pa bolodi panali samu imodzi yokha yomwe inaphunzitsidwadi.

Woyesa anavala wotchi yake, nadzuka movutikira pa kampando kaja, natuluka osayang'ana munthu. Mayi Chifukwa anawatsatira mpaka mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, yomwe anawabwereka kuti akambiranemo. Malikisi anali m'manja mwa woyesa yekha, iwo analibe gawo.

"Pulani sanaimalize," anayamba bamboyo, akuwerenga pa zala. "Anasintha samu pakati pa phunziro. Ntchito yolemba palibe. Phokoso ngati pa msika. Samu imodzi, mayi. Imodzi!"

Mayi Chifukwa anali ndi mawu okwana kudzadza ofesi yonseyo, ndipo ena mwa iwo sanali oyenera mayi wa msinkhu wawo. Analuma mlomo. "Zonsezo n'zoona, bambo."

Woyesa anavula tayi pang'ono, nayang'ana pa zenera. "Masamu oyamba aja, munaona zomwe ndinaona ine?"

Sanadikire kuti mayiwo ayankhe.

"Ndakalambira pa ntchito imeneyi. Kalasi yophikaphika ndimaimva fungo ndisanalowe n'komwe. Ndimangowerama n'kumalemba, kudikira kuti ndione chomwe wophunzirayo achite. Ambiri amangolandira n'kudya, ndipo sindiwaimba mlandu, nawonso ali ndi azibale owayembekezera." Anatsegula cholembera. "Uyu anafufuta yekha. Anadziwa chomwe akutaya, ndinamuona khosi."

Analemba, nasaina, natseka cholembera.

"Wakhoza. Koma musayembekeze malikisi apamwamba, ndamupatsa apakatikati. Mukamuuze kuti wotchi nayonso ndi chida cha mphunzitsi."

Mayi Chifukwa anathokoza mwaulemu wonse, natuluka mwaulemu wonse, koma atangokhota pakona ya khonde anayamba kuyenda mothamanga moti ana omwe ankasewera pabwalo anawapatukira. Inali nthawi yopuma. Ankayembekeza kumupeza mnyamatayo ataima pakhomo, akudya zikhadabo, monga amachitira onse oyembekezera zotsatira.

Pakhomo panalibe munthu. Anasuzumira m'kalasi. Kakyuleta anali atakhala pansi pa simenti, jekete la bambo ake litapachikidwa pa chitseko cha kabati, thalauza litayera ndi fumbi. Momuzungulira munali ana angapo omwe anakana kutuluka. Patsogolo pake panali kamtsikana kena kamanyazi, ka mzere wa ku zenera, komwe phunziro lonse sikanakwezepo mkono. Kanali katagwira mtolo ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Iwe," anatero Mayi Chifukwa, akuyesetsa kuumitsa mawu. "Tabwera kuno. Zotsatira zatuluka."

Mnyamatayo sanatembenuke. Anangokweza chikhatho chakumbuyo, maso ali pa mwanayo.

"Pepani, madamu, dikirani pang'ono. Uyu watsala pang'ono kupeza."

Chiyambireni ntchito, panalibe wophunzira yemwe anawakwezerapo chikhatho Mayi Chifukwa. Anafuna kumukumbutsa yemwe akuyankhula naye. M'malo mwake chifuwa chinawadzadza, magalasi anachita nkhungu, ndipo ananyada. Ananyada kuposa tsiku lomwe iwo eni analandira satifiketi yawo, moti akanakonda aphunzitsi onse a pa msonkhano uja akanakhala pamenepo kuti aone msana wa mnyamatayo.

Anatsamira pa mphuthu ya chitseko, uthenga uli m'kamwa, ndipo anadikira kuti mwanayo amalize kuwerenga.